Kope, foni kapena Goodreads: mabuku amene mwawerenga muziwalemba pati?

Funsani munthu wokonda kuwerenga kuti atchule mabuku amene anamaliza chaka chatha. Atatu kapena anayi atuluka msanga. Kenako ayamba kukanda m'mutu: "Panali lina lija la chikuto chobiriwira, ndinabwereka kwa alamu anga a ku Dwangwa." Mutu wa bukulo wathawa, dzina la wolemba lathawa, ndipo alamuwo nawonso sakukumbuka kuti linapita ndi ndani. N'chifukwa chake owerenga ena amasunga kaundula wawo: tsiku, mutu wa buku, wolemba, ndi mawu pang'ono a zimene apezamo. Kuyamba sikuvuta, Januwale aliyense anthu amayamba. Nkhani yagona poti pakapita zaka 10 mukamufune kaundulayo n'kumupeza ali wathunthu, ndipo zimenezo zimadalira kumene mwasankha kumusunga.

Malangizo ambiri a pa intaneti pa nkhaniyi analembedwa ndi anthu amene amagula mabuku atsopano m'sitolo, netiweki sichoka m'nyumba mwawo, ndipo chiswe sanachionepo. Ife a ku Salima ndi Nkhotakota tili ndi zathu. Mabuku athu ambiri ndi oyendayenda: lina lachokera kwa mavenda a ku Lilongwe, lina mu laibulale ya sekondale, lina ku tchalitchi kapena ku madrasa, lina lafika ngati PDF pa gulu la WhatsApp. Ena anathothoka chikuto kalekale. Ndiye onjezanipo chinyontho cha kunyanja kuno, foni zimene zimabedwa pa depoti kapena kugwera m'madzi ku Senga Bay, ndi bandulo imene imatha mwezi usanafike pakati.

Choncho njira iliyonse ine ndimaifunsa mafunso anga. Kodi ilandira buku lopanda chikuto, lopanda ISBN (nambala yozindikiritsa buku imene osindikiza amaika pachikuto), la Chichewa kapena Chiyao? Kodi ipirira dzinja, kuba, kapena kutsekedwa kwa kampani? Nanga tsiku limene ndatopa nayo, indilola kutuluka ndi zolemba zanga zonse? Lomalizali anthu saliganizira poyamba, koma ndi limene limawaliza pambuyo pake.

Tisanafike pa malo, tigwirizane kaye za katundu woti asungidwe. Mutu ndi wolemba pazokha ndi mndandanda wouma, sungakuthandizeni kwambiri. Taonani mzere ngati uwu:

"9 Malichi 2024. Buku la nthano, Chichewa, chikuto palibe, losindikizidwa ndi Dzuka. Mwini wake: aphunzitsi a Sitandade 7. Nthano yachitatu agogo ankaisimba mosiyana, kwa iwo wopusitsidwa anali fisi osati nyalugwe. Ndabweza pa 16."

Mu mzere umenewu muli zinthu zimene mapulogalamu ambiri a pa intaneti sakufunsani: mwini buku, tsiku lobweza, ndi ganizo lanu limene simungafune kuti dziko lonse lione. Kwa ife amene timakhalira kubwerekana, kaundula wa zowerenga amakhalanso kaundula wa ngongole za mabuku. Njira imene ilibe malo a zimenezi yaperewera kale.

Kope

Ndiyambe ndi limene ndimalikonda, ndipo sindibisa. Kope silifuna magetsi, silifuna mayunitsi, silikufunsani pasiwedi. Limalandira chilichonse: buku la nyimbo, kabuku ka ulimi wa mpunga kochokera kwa alangizi, nkhani yopeka ya m'nyuzipepala ya Loweruka, PDF imene mwawerenga pa foni. Mungathe kusakaniza Chichewa ndi Chingerezi mu mzere umodzi popanda makina okukonzerani mawu.

Koma si kope lililonse. La ana asukulu, lija lomangidwa ndi mawaya awiri pakati, lisiyeni. Kunyanja kuno mawayawo amachita dzimbiri dzinja limodzi kapena awiri, dzimbirilo limadya pepala, masamba apakati n'kuyamba kugwa limodzilimodzi. Gulani hadikava, lija losokedwa ndi ulusi limene amagwiritsa ntchito alembi a mabanki m'khonde ndi ogulitsa m'magolosale. Cholembera nachonso muchisankhe. Zija za inki yamadzimadzi zimalemba mokongola, koma dontho limodzi la denga lodontha limasandutsa tsamba lonse matope a buluu. Bolopeni wamba amapirira madzi chifukwa inki yake ndi yamafuta. Pensulo siisuluka ndi dzuwa kapena madzi, kungoti imafufutika masamba akamakhulana.

Aphunzitsi ena opuma pa ntchito a ku Chipoka anandionetsa makope awo, omangidwa pamodzi ndi mphira wa chubu cha njinga. La pamwamba linali labwinobwino. Atatsegula la pansi, chikuto chinatsala m'manja. Chiswe chinalowa cha kumsana n'kuboola njira zokhotakhota mpaka pakati, dothi louma lili phaa m'mphepete mwa masamba. Madeti anatsala chifukwa anali kumanzere kwenikweni. Mitu ya mabuku inapita, kungotsala zilembo ziwiri zitatu za kumapeto.

"Bambo, munasunga pati?" ndinawafunsa.

"M'katoni, mwanawe, pansi pa bedi, mogundana ndi khoma. Ndinkati ndabisa ana."

Anayamba kulozera ndi chala deti lililonse, kuyesa kukumbuka kuti mwezi umenewo anali pa sukulu iti ndipo ankawerenga chiyani. Ena anawapeza, ambiri ayi.

Katoni ndi chakudya cha chiswe, ndipo pansi mogundana ndi khoma ndi pa msewu wake. Kope liikeni pamwamba, m'ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro kapena m'chitini chotsekeka. Musalitsekere lili lachinyezi, lichita chuku. Nyengo youma, cha mu Ogasiti kapena Seputembala, litulutseni lipitidwe mphepo pamthunzi, muone ngati mphemvu sizinayambe kunyambita guluu wa kumsana.

Vuto lina la kope ndi kufufuza. Mabuku akafika mazana, kupeza limodzi kumafuna kutembenuza masamba onse. Mankhwala ake ndi akalekale: ikani manambala pa masamba tsiku loyamba lomwelo, ndipo masamba 10 omaliza muwasiyire mndandanda wa olemba, A mpaka Z, aliyense ndi nambala ya tsamba limene akupezeka. Ndi ntchito ya mphindi imodzi pa buku lililonse. Mukaizengereza chaka chathunthu simudzaichitanso.

Pali vuto limodzi limene kope palokha silingathane nalo: ndi limodzi basi. Amene anaona madzi osefukira a ku Dwangwa kumapeto kwa Febuluwale 2024, kapena mmene nyanja inakwerera chaka chomwecho mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete, akudziwa kuti pothawa palibe amene amayamba wafunafuna hadikava.

Ena amalemba m'buku momwemo, patsamba loyamba: dzina, tsiku, ndemanga. N'zabwino pa buku lanu, makamaka Baibulo kapena buku limene mumabwerezabwereza. Koma ameneyo si kaundula, chifukwa buku likabwerekedwa osabwerera, zolemba zanu zapita nalo. Ndipo m'buku la eni musalembemo.

Foni: manotsi ndi WhatsApp

Foni ili ndi mwayi umene kope lilibe: ili nanu pamene mwamalizira buku, kaya m'minibasi ya pa M5, kaya pa benchi podikira dokotala. Ndemanga yolembedwa nthawi yomweyo imakhala ndi moyo kuposa ya mawa lake.

Chenjerani ndi pulogalamu ya manotsi imene imabwera ndi foni. Pa mafoni ambiri otsika mtengo, zimene mwalembamo zimakhala mu foni momwemo basi. Foni ikavuta n'kupita nayo kwa okonza pa msika, yankho lawo nthawi zambiri limakhala lakuti aifulashe, ndipo kufulasha kumasesa zonse. Imabwerera ikugwira bwino ntchito, ili mbee ngati yatsopano, manotsi a zaka zitatu mulibe.

Google Keep, imene inatuluka mu 2013, ndi yabwinoko. Mumalemba ngakhale opanda bandulo, ndipo netiweki ikapezeka imatumiza zonse ku akaunti yanu ya Gmail, moti pa foni ina mumazipeza. Mphamvu yake yonse yagona pa akauntiyo, ndipo apa ndi pamene ambiri timagwera. Dzifunseni: anakutsegulirani Gmail ndani? Ngati ndi mnyamata amene anakugulitsani foni, ndipo pasiwedi anailemba pa kapepala kamene kanatayika sabata yomweyo, ndiye kuti akauntiyo si yanu. Foni ikapita, yapita nayo. Musanalembe buku ndi limodzi lomwe, tsimikizani kuti pasiwedi mukuidziwa ndiponso kuti nambala yobwezeretsera akaunti ndi imene mukugwiritsa ntchito lero. Dziwaninso kuti kuyambira Disembala 2023, Google inadzipatsa ufulu wofufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito.

WhatsApp ndiye njira imene anthu ambiri afika nayo okha popanda wowaphunzitsa. Kale ankatsegula gulu n'kuchotsamo anzawo onse kuti atsale okha. Kuyambira kumapeto kwa 2022, pulogalamuyi imalola kudzitumizira uthenga wekha. Mwamaliza buku, mwajambula chikuto, mwalemba mizere iwiri, mwatumiza. Deti limadziika lokha. Bandulo ya WhatsApp ndi imene ambiri amakhala nayo ngakhale thumba litauma. Kwa munthu amene kulemba pa foni kumamuchedwetsa, pali kujambula mawu, ngakhale kuti pofufuza pambuyo pake mudzapeza zolembedwa zokha. Mawu ojambulidwa muyenera kuwamvetsera limodzilimodzi, choncho mutu wa buku ndi wolemba muzilemba ndithu.

Ndikanaiyamikira kwambiri pakanapanda kuti ndi njira yosalimba kuposa zonse. WhatsApp sisunga mauthenga anu akale ku makina ake. Amakhala mu foni, ndipo amakoperedwa ku Google Drive pokhapokha mutatsegula zimenezo nokha. Kutumiza kumeneko kawirikawiri kumafuna bandulo wamba, osati ya WhatsApp yokha, moti pali anthu amene akuganiza kuti zawo n'zotetezeka pamene foni inasiya kutumiza chaka chatha. Lowani muone deti limene inatumiza komaliza. Akaunti nayonso yamangidwa pa nambala: ikakhala masiku pafupifupi 120 osalumikizidwa imatha kufufutidwa, ndipo nambala imene yagona nthawi yaitali kampani ya foni imaipereka kwa wina. Palinso ka batani ka mauthenga odzifufuta okha pakapita maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Kakatseguka mosadziwa, kaundula amadzidya yekha. Amene mumagwiritsa ntchito GB WhatsApp ndi zinzake zosavomerezeka, dziwani kuti akaunti yanu ingatsekedwe tsiku lililonse.

Khomo lotulukira lilipo: mungathe kutulutsa macheza onse ngati fayilo ya mawu n'kuitumiza ku imelo. Amene asankha WhatsApp azichita zimenezi miyezi ingapo iliyonse.

Za Facebook ndinene mwachidule. Kulemba kuti mwamaliza buku lakuti n'kucheza ndi anzanu za ilo n'kosangalatsa, ndipo nthawi zina kumakupezerani wokubwerekani lina. Koma kupeza zimene munalemba zaka zisanu zapitazo ndi chintchito, maakaunti amabedwa tsiku ndi tsiku, ndipo pamaso pa anthu palibe amene amalemba zoona zake za buku limene walemba mnzake wa ku tchalitchi.

Tebulo la pa kompyuta

Kwa amene ali ndi laputopu, kapena amagwira ntchito mu ofesi ku boma, Excel, Google Sheets kapena LibreOffice ndi zida zamphamvu kuposa mmene zimaonekera. Mizati mumasankha nokha: deti, mutu, wolemba, chinenero, wosindikiza, mwini buku, ndabweza kapena ayi, ndemanga. Mukafuna kudziwa mabuku a Chichewa amene munawerenga mu 2022, kapena anu onse amene ali kwa anthu, yankho limabwera nthawi yomweyo. Mphunzitsi kapena wophunzira wa ku koleji amene amafunika kutchula mabuku polemba, apa ndiye kwawo.

Misampha yake ndi ing'onoing'ono koma yowawa. Deti lolembedwa 3/9/2024 kompyuta ina imaliwerenga ngati 3 Seputembala, ina ngati 9 Malichi, malinga ndi mmene anaitcherera. Lembani chaka poyamba, 2024-03-09, ndipo madeti adzasanjika okha bwinobwino. Nambala ya ISBN ya manambala 13 Excel imaifupikitsa n'kuoneka ngati 9.78E+12, choncho mzati umenewo muuuze kuti ndi wa mawu, osati wa masamu. Pa foni, Google Sheets imagwira ntchito popanda netiweki ngati fayiloyo mwaisankha kuti izipezeka choncho, koma kulemba m'timabokosi ting'onoting'ono ndi chala chachikulu, makina akusintha mawu a Chichewa kukhala a Chingerezi, kumagwetsa ulesi. Ambiri amene amasiya kaundula wa mtundu umenewu amasiya chifukwa cha zimenezi.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti tebulo limasungika ngati CSV, mtundu wa fayilo umene ndi mawu wamba olekanitsidwa ndi zizindikiro za koma (,). Pulogalamu iliyonse imautsegula, ndipo mabuku masauzande amakwana m'fayilo yaing'ono kuposa chithunzi chimodzi. Musaisunge pa fulashi yokha. Fulashi imene imalowa m'makompyuta a malo osindikizira mapepala imatola mavairasi, ndipo imatayika mosavuta. Dzitumizireni pa imelo.

Goodreads ndi anzake

Awa ndi malo a pa intaneti opangidwira ntchito imeneyi, ndipo kukongola kwawo n'kosakanika. Goodreads inayamba mu Januwale 2007, Amazon inaigula mu 2013. Mumalemba mutu kapena kujambula mizere ya ISBN ndi kamera, chikuto, wolemba ndi chiwerengero cha masamba n'kubwera zokha. Mumaika nyenyezi, mumaona zimene ena ananena, mumadziikira chiwerengero cha mabuku choti mukwanitse pa chaka. Kwa munthu amene amawerenga kwambiri mabuku a Chingerezi ochokera kunja, palibe njira yachangu kuposa imeneyi.

Tengani tsopano mabuku a pa shelefu ya kwathu. Dongosolo la ISBN linakhazikitsidwa padziko lonse mu 1970, ndipo manambala ake anachoka pa 10 kufika pa 13 mu 2007. Malawi ili ndi zizindikiro zake, 99908 ndi 99960, moti mabuku ambiri osindikizidwa ndi Dzuka, CLAIM kapena Kachere nambala ali nayo. Koma kukhala ndi nambala si kupezeka m'nkhokwe ya kampani ya ku America. Pamafunika munthu woti alilowetsemo, ndipo mabuku athu ambiri, makamaka a Chichewa, palibe anawalowetsa. Akale osindikizidwa ku Nkhoma kapena ku Likuni isanafike 1970 nambala alibiretu, chimodzimodzi timabuku ta mipingo, ta alangizi ndi ta olemba odzisindikizira okha. Pa Goodreads, buku likasowa mumayenera kupempha anthu odzipereka amene ali ndi chilolezo chowonjezera mabuku, m'Chingerezi, n'kudikira. Mapeto ake kaundula wanu amaonetsa mabuku akunja okhaokha, ngati kuti a kwanu simuwerenga.

Ena ali bwino pa mbali imeneyi. LibraryThing, imene Tim Spalding anayambitsa mu 2005 ndipo inakhala yaulere kwa onse mu Malichi 2020, imakulolani kulowetsa buku pamanja ndiponso ili ndi malo a ndemanga zachinsinsi. Maonekedwe ake ndi achikale, koma kwa wosunga mabuku ambiri ndi yothandiza. The StoryGraph ya Nadia Odunayo, imene inayamba mu 2019, imalandira kaundula wochokera ku Goodreads ndipo imakonda kukuonetsani zithunzi za mmene mumawerengera. Open Library ya bungwe la Internet Archive imalola aliyense wolembetsa kuwonjezera buku, ndipo ine ndimaona kuti amene ali ndi bandulo yokwanira angachite ntchito yabwino polowetsamo mabuku a Chichewa, kuti wofufuza wa mawa adzadziwe kuti analipo. Imeneyo ndi ntchito yothandiza mtundu, yosiyana ndi kusunga kaundula wanu.

Onsewa ndi munda wobwereka. Mungalime bwino, mungathire manyowa, koma mwini akaufuna mumachoka. Shelfari inali yotchuka pakati pa owerenga, Amazon inaigula mu 2008, ndipo mu 2016 inaitseka n'kuuza anthu kuti asamukire ku Goodreads. Amene anamva mochedwa anapeza pakhomo potseka. Internet Archive nayo inazima masiku angapo mu Okutobala 2024 itathyoledwa ndi akuba a pa intaneti. Palibe chachilendo pamenepa: makampani amagulidwa, amasintha malamulo, amatseka. Amene akulipira gawo la ndalama la mapulogalamu oterewa akumbukirenso kuti mtengo wake ndi wa madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonse zolipira kunja zinakwera usiku umodzi.

Chotonthoza n'chakuti malo amenewa amalola kutulutsa kaundula wanu ngati fayilo. Pa Goodreads batani lake lili pa tsamba la pa kompyuta, osati mu pulogalamu ya pa foni, n'chifukwa chake ambiri sadziwa kuti lilipo. Likanikizeni kamodzi pa chaka.

Ndiye tisankhe iti?

Zimadalira mabuku amene mumawerenga ndi zimene muli nazo m'manja. Wa foni ya mabatani, kapena amene magetsi kwawo ndi a sola ya nyale imodzi, asadzione wotsalira: hadikava ndi bolopeni zimakwana, ndipo zimaposa zina zonse polandira mabuku athu. Wophunzira amene adzafunika kufufuza zimene anawerenga ayambe ndi tebulo, asadikire chaka chomaliza. Wowerenga manovelo akunja amene amakonda kucheza za mabuku apite ku Goodreads kapena The StoryGraph, koma azitulutsa fayilo yake. WhatsApp ndi yabwino pogwira ganizo lisanathawe, osati posunga.

Ine ndimaphatikiza ziwiri, ndipo ndi zimene ndimalangiza aliyense amene wandifunsa. Kaundula weniweni ndi kope. Ndikamaliza buku ndili paulendo, ndimadzitumizira mzere pa WhatsApp n'kukaukopera m'kope ndikafika. Kumapeto kwa mwezi, masamba atsopano ndimawajambula ndi foni n'kuwatumiza ku imelo yanga. Mwa njira imeneyi chiswe chikadya kope zithunzi zilipo, foni ikabedwa kope lilipo, ndipo kuti zonse ziwonongeke pamodzi pafunika tsoka lalikulu ndithu. Wopanda foni ya kamera angapemphe mwana wake kapena mnzake wodalirika kuti amujambulire, ngakhale kawiri pa chaka.

Kujambulako kuli ndi luso lake. Jambulani masana pakhonde, osati usiku ndi tochi ya foni imene imawalitsa pakati pa tsamba n'kubisa mawu. Tsamba limodzi pa chithunzi chimodzi, nambala ya tsamba izioneka. Musanatumize, kulitsani chithunzicho muone ngati mzere wa pansi ukuwerengeka. Mukatumiza kudzera pa WhatsApp, sankhani kutumiza ngati fayilo, chifukwa ikatumiza ngati chithunzi wamba imachifinya ndipo zolemba za pensulo zimazimirira. Pa mutu wa imelo lembani mawu omwewo nthawi zonse, monga "Kaundula 2025 Meyi", kuti pofufuza zonse zizibwera pamodzi.

Amene muli ndi makope akale a zaka zambiri, musayese kuwataipa onse, mudzatopa pa tsamba lachisanu. Ajambuleni kaye onse tsiku limodzi, kuyambira limene lawonongeka kwambiri. Kutaipa kubwere pambuyo, ndipo mutaipe deti, mutu, wolemba ndi nambala ya tsamba basi, ndemanga zikhale m'zithunzi. M'kati mwa chikuto cha kope latsopano lembani dzina lanu, chaka, nambala ya kopelo ndi adiresi ya imelo kumene zithunzi zikupita. Pasiwedi yokha musailembe pamenepo, chifukwa kope limagwiridwa ndi alendo. Ilembeni pa pepala lina, muliike pamodzi ndi chiphaso cha unzika ndi masatifiketi, ndipo munthu mmodzi wa m'banja adziwe pamene lili.